Mabatire m'Duku

Nkhani yochititsa manyazi iyi ndaibisa kokwanira. Ndaganiza zoifotokoza ndekha, mwaulemu wake, chifukwa ikamanenedwa ndi ena kuno ku Dambe mabatire amakhala khumi, pamene anali anayi okha.

Ine kusukulu sindinapiteko. Kulemba ndinadziphunzitsa ndekha, mpaka ndinakhala mlembi wa gulu la amayi a kutchalitchi kwathu. Sitiroko itandigwira, dzanja lamanja linangoti lende. Lachinayi loyamba nditabwerera kugulu, mlamu wanga Esinati, mchemwali wa amuna anga, anandichotsera kope ndi cholembera pamiyendo, amayi onse akuona.

"Pumulani alamu," anatero mokoma. "Dzanja ili latsanzika. Tizilemba ndife."

Ndinangolumbira mumtima kuti kope limenelo lidzabwerera.

Kuchipatala cha ku boma, mayi wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, anandiikira mbale ziwiri, ina ya nyemba, ina yopanda kanthu.

"Muzitola imodziimodzi ndi dzanja lodwalalo, amayi. Kunyumbanso, tsiku lililonse. Zikayamba kutheka, muyambe mapegi ndi mabatani a bulauzi."

"Mwana wanga, ndakwera njinga yamoto mapiri onsewa kudzasankha nyemba? Makina a magetsi aja ali kuti?"

Sindinkalankhula zopeka. Wogulitsa usipa anali atandikulungira m'nyuzipepala yonena kuti madokotala akunja amadzutsa ubongo wa odwala sitiroko ndi timagetsi tochepa pamutu. Theka la nkhaniyo linapita ndi wogula wina, koma ndinaona kuti theka langalo linali lokwanira.

"Makinawo kuno tilibe," anayankha. "Ndipo kumene aliko, wodwala amatolabe nyemba. Zamagetsizo musakayesere kunyumba, mwamva?"

"Ndamva."

Kumva ndinamvadi, koma kuvomera ayi. Nditafika ndinatsegula wailesi ya amuna anga, ndinachotsamo mabatire anayi akuluakulu aja, n'kuwamangirira m'duku cha kumanzere, pakuti ndinawerengapo kuti ubongo wa kumanzere ndiwo umalamula dzanja lamanja. Mawaya sindinaike, si ine wamisala. Nyembazo ndinkatolanso m'mawa ndi masana, chitseko chili chitsekere, pongofuna kuona ngati magetsi akulowa.

"Mabatire anga apita kuti?" anafunsa amuna anga.

"Funsani makoswe."

Poyamba ndinkatola nyemba zisanu, thukuta lili kamukamu. Patapita miyezi ndinkakhuthula mbale yonse, kenako ndinamanga batani ndekha. Khosi linkapweteka ndi kulemera, koma ndinkati ndiko kugwira ntchito kwa mankhwala.

"Mukulimbikira nyemba eti!" anasangalala mayi wa mafizo.

Ndinamwetulira, ndikumumvera chisoni kuti sukulu yake yonse ija sinamuphunzitse zimene ndinali nazo pamutu.

Tsono linafika Lachinayi lija. Tinagwada kupemphera, ine ndinaweramitsa mutu kuposa masiku onse, ndipo duku linamasuka.

Gu! Gu! Gu! Gu!

Pasimenti! Pemphero linaimira pakati. Mabatire atatu analowa pansi pa mabenchi. Batire lachinayi linagubuduzika mosafulumira, ngati lotumidwa, mpaka kukaima paphazi la Esinati. Iye analitola n'kulikweza m'mwamba.

"Amayi inu, taonani! Alamu akuyendera mabatire ngati tochi! Poyatsira pake ndi pati, alamu?"

Tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete. Wina kumbuyo anafuula kuti, "Akatha muzinena, tikubwerekeni a m'wailesi yathu!"

Ndinaimirira, mutu uli pamtunda, tsitsi lili nyankhalala.

"Chimenecho ndi chithandizo cha akunja. Simungachimvetse."

"Ndiye bwerani mutenge chithandizo chanucho," anatero Esinati, akuligwedeza pafupi ndi mphuno yanga.

Ndinalitsomphola mwaukali, mpaka iye anadzandira. Amayi apampando anavula magalasi.

"A Nangondo, mwatsomphola ndi dzanja liti?"

Ndinayang'ana. Linali lamanja, zala zonse zisanu zitafumbata batire, pamutu popanda ngakhale limodzi. Nthungululu zinalira. Ena anayamba nyimbo, ena ankakwawa kufunafuna mabatire atatu aja, ndipo ine ndinakweza dzanjalo kuti a kumbuyo nawonso alione bwino.

Mbiri inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza amuna anga atakhala pakhonde, wailesi ili pamiyendo.

"Ndiye makoswe aja ndinu?"

"Koma andichiritsa. Onani dzanjali."

Anawatembenuza mabatirewo m'manja, n'kupukusa mutu.

"Mayi, awa anatha kalekale. Ndinkachita kuwayanika padzuwa kuti ndimvereko nkhani za masana basi."

Kuyambira tsikulo, nyuzipepala yokulungira usipa ndimayamba ndafunsa kumene kwapita theka linalo. Mayi wa mafizo ndinakamupatsa manachesi, osafotokoza chifukwa.

Lachinayi lotsatira Esinati anaika kope ndi cholembera pamiyendo panga. Zokambirana za tsikulo ndinalemba ndine, masamba awiri.