Madisiki a Malemu a Dikirani

Ino ndi 3 koloko masana. Mwana wagona kumbuyo, ine ndili m'kashopu ka malemu a Dikirani, ndikukopera m'kope ndi bolopeni zimene zikuoneka pagalasi la kompyuta yawo.

Amene munalembetsako kalata kuno mukuwadziwa. Zaka makumi atatu akutayipira anthu pa kompyuta imodzi yomweyi, yachikasu ngati mano a wosuta fodya, koma osalola munthu kuinena kuti ndi yakale. Ukati, "Bambo, ndikuchedwatu," iwo ankakweza chala. "Dikirani, akuganiza." Akuganiza! Ulemu umenewo ngakhale mayi a kunyumba kwawo sanaulaweko. N'chifukwa chake mayiwo ankaitchula kuti mkazi mnzanga.

Ine ndinkasesa muno m'mawa uliwonse. Tsiku lina ndinaika kapu ya tiyi pamwamba pake, bambo aja anakuwa ngati ndaponda khanda. Kukazizira ankaifunditsa jekete lawo, eni ake n'kumanjenjemera ndi shati yokha.

Kalata iliyonse ankaisunga m'timadisiki tapulasitiki tamakona anayi. Makatoni awiri odzaza, koma palibe kamodzi kolembedwa dzina.

"Nanga mumadziwa bwanji kuti ya uje ili pati?" ndinafunsa.

"Iwe mwana wako unamulemba dzina pachipumi?"

Chaka chatha mwana wa mlongo wawo wokonza mafoni anabwera ndi laputopu kuti asamutse zonse. Kachipangizo kowerengera madisikiko anachita kubwereka kutali. Atatsegula kalata yoyamba, mayo ine! Timabokosi, timitanda, tinkhope toseka, ngati papalasa nkhuku. Yachiwiri chimodzimodzi.

"Malume," anatero atagwira pakamwa, "kasungidwe kameneka kanatha kalekale. Ine ndalephera. Zimenezi angawerenge ndi makina anuwa basi."

A Dikirani anavina. Munthu wodwala miyendo, kuvina mpaka kugwetsa benchi! "Wamva? Ana a lero sadziwa chilankhulo cha akuluakulu."

Ine sindinaseke. Bambo anga sankadziwa kulemba. Atadwala, ine ndili mu Sitandade 4, anadzakhala pabenchi lomwelo n'kunena mawu oti ndidzapatsidwe ndikadzabereka. Pepala lake linaola denga la shopu litadontha, mawuwo n'kutsala m'disiki mokha. Pomwe ndinkabereka, chosindikizira chinali chitafa, ndipo chatsopano kompyutayi inachikana kwamtuwagalu.

"Ingonditsegulirani ndiwerenge pagalasipo," ndinkawachonderera a Dikirani.

"Dikira, mwana wanga. Mawa."

Mawa, mawa, mpaka anagonekedwa m'chipatala. Kumeneko ndinawapanikiza. "Bambo, kalata ya bambo anga ili m'disiki iti?"

Anayang'ana kudenga nthawi yaitali. "Ana aja," anatero chapansipansi, "maina awo ndinaiwala kalekale."

Ndinangokhala pansi pasimenti. Zaka zonsezi kutidzitamira! Iwo anapempha bolopeni kwa nesi, n'kundijambulira kuseri kwa kapepala ka mankhwala mabatani oti ndizidina. Patatha masiku atatu anatisiya.

Mayi amasiye anena poyera kuti mwezi uno ukatha mkazi mnzawo akupita kwa ogula zitsulo. "Anandilanda mwamuna ali moyo, asandilandenso malo." Kwatsala masiku asanu ndi anayi.

Ya bambo anga ndinaipeza dzana, m'disiki ya makumi anayi, pakati pa kalata yofunsira ntchito ndi ya munthu wopepesa apongozi ake. Mizere isanu ndi umodzi basi. Zimene zili m'menemo ndi zanga. Ndinalira mpaka inki inabalalika m'kope.

Muno mwazizira tsopano. Anthu amasuzumira pakhomo, akaona jekete lija lili pamsomali amangobwerera. Makinawa akamachedwa ndimangopezeka ndauza mwana kumbuyoku kuti dikira, akuganiza.

M'mawa uno bambo a mwana anandiimitsa pakhomo. "Waipeza kale, ukukataninso kumeneko?"

Ndinawaonetsa kapepala ka mankhwala kaja. Pansi pa mabatani, a Dikirani analembapo kuti: "Ukaipeza yako usaime. Ukopere zonse, ukapatse eni ake. Enanso ali ndi abambo awo m'menemo."