Kusaka Eni Ake a "Chi-"

Lolemba
Ahedi andipatsa mphindi khumi pa msonkhano wa aphunzitsi Loweruka. Mutu: kaphatikizo ka "chi-" m'ziyankhulo zathu. Ndikayankhula bwino, dipatimenti ya ziyankhulo ndi yanga. Ndajambula mizati inayi ndi rula: Chichewa, Chiyao, Chilomwe, Chisena. Wa Chichewa wadzaza kale:
– chiyankhulo: Chisena
– kukula: chimunthu
– kachitidwe: kuvala chizungu
Itatu inayo ndikafunsa eni ake. Sindilemba zongoganizira.

Lachiwiri
Limbe, kwa a Jafali ogulitsa nsalu, Myao weniweni. Akuti: "Aphunzitsi, Chiyao changa n'chamutauni. Pitani kwa amalume ku Chilobwe." Ndatuluka ndi nsalu ya katani. Sindimaifuna.

Lachitatu
Chilobwe. Tiyi, mbatata, maola awiri a nkhani za minibasi yomwe amalumewo ankayendetsa. Ndikutchula "chi-", akupukusa mutu. "Ine ndine mwana. Funsani Mayi Fonseka, makolo awo anachokera ku Mozambiki, amayankhula zonse." Mwana! Munthu wotsala ndi mano atatu!

Lachinayi
Mayi Fonseka akukazinga mandasi. Akuti Alomwe eni ake sanena Chilomwe, amati Elomwe. Ndiye kuti mutu wa mzati ngolakwika. Ndijambulanso zonse. Ndikupempha zitsanzo zina. "Ine Chilomwe ndimangokalipira nacho adzukulu. Pitani kwa alamu anga a Zuze, atelala." Pepala lathimbirira mafuta.

Lachisanu
Limbe kachiwiri. A Zuze sakusiya n'kupalasa makina komwe. "Ife timangoyankhula, bambo. Koma a Jafali akuti ku Chinyonga kuli mphunzitsi wina wa magalasi, amayenda ndi rula m'thumba. Katswiri wa zimenezi ndi ameneyo." Ndakankhira rula pansi m'thumba kuti isaoneke. Ndathokoza. Mwaulemu, ndafunsanso njira yopitira kwathu.

Loweruka
Mzati wa Chichewa watha m'mphindi ziwiri. Zatsala zisanu ndi zitatu. Ahedi: "Nanga m'Chiyao?" Ndikungomva pakamwa panga pakuti: "Ine ndine mwana. Funsani a Jafali ku Limbe." Dipatimenti apatsa Mayi Gondwe, amene anayankhula za kusowa kwa choko.

Lamulungu
Ndapachika katani. Ndi yaifupi. Masana kwabwera bambo wina ndi kope, akuti a Zuze amutumiza kwa katswiri. Ndamukhazika pansi. Tiyi ali pamoto, mbatata ziliko. Ndikumujambulira mapu a ku Chilobwe, ndi rula.