Zikomo Potichotsera Pulogalamu Yopanda Katoni

Kwa Olemekezeka a Nduna Oona za Makina ndi Zamakono,

Bwana, ndagwada. Ine ndine mphunzitsi wamba wa kompyuta, wa choko m'tsitsi. Ana anga makumi atatu akulemba mayeso a pakompyuta Lolemba likubwerali, koma ndati ndiyambe ndathokoza, poti wakutsina khutu ndi mnansi.

1. Zikomo potitumizira woyendera sukulu. Anapeza makompyuta athu khumi, okalamba ngati ine ndemwe, akuthamanga ndi pulogalamu yaulere ija imene aliyense amaloledwa kukopera, kusuzumira m'kati ndi kukonza. Anaitanitsa katoni yake kuti adindepo chidindo. Katoni panalibe. Anafunsa kuti mwini wake ndani, ine n'kuyankha kuti eni ake ndi anthu ambirimbiri ongodzipereka. Mkuluyo anagwira chibwano, n'kulamula kuti tifufute tsiku lomwelo. Nzeru zotere, bwana, sizimera paliponse.

2. Zikomo chifukwa cha pulogalamu yogula imene mwatipatsa. Katoni yake ndi yokongola zedi, moti ahedi aika pamwamba pa kabati kuti alendo aziona. Kungoti makina athu akaimva amayamba wefuwefu. Ukayatsa, kabwalo kamazungulira pa sikirini mphindi makumi anayi. Ana amakaombera m'manja kakaima.

3. Kale, tili ndi yaulere ija, mtsikana wina wa m'kalasi langa anasintha mawu onse a pa sikirini kuwaika m'chinenero chathu, mpaka mayi osesa m'makalasi anaphunzira kutaipa kalata okha. Tsopano akuti kutsegula m'kati mwa yogulayi ndi mlandu. Mwachita bwino kwambiri. Ana oterewa akanakula n'kumadzikonzera zinthu, ndiye akuluakulu akanamakasaina chiyani ku mahotela?

Ndisaname, bwana, ndimaseka pamaso pa ana koma mumtima mukuwawa. Zaka ziwiri akhala akulimbirana mipando kuti adziwe ntchitoyi, ndipo anaidziwa.

Pempho langa ndi laling'ono. Sindikuti mubweze yaulereyo, ndine yani ine? Mayeso ndi a ola limodzi, makina adya kale mphindi makumi anayi. Chonde lamulani ochonga kuti apereke malikisi a kudikira. Phunziro limenelo lokha ndi limene unduna wanu watiphunzitsa mokwanira, ndipo ndikulonjeza kuti palibe mwana adzalephere.

Ine wanu wogwira mwendo,
Mphunzitsi wa m'chipinda cha kumapeto