Kachilombo ka a Yohane

Lolemba
Zaka zitatu ndikunyamulira Bwana ukonde wogwirira agulugufe, dzuwa likundiwotcha pankhongo. Lero a Yohane, ophika ake, abwera ndi kachilombo kotuwa, kochepa ngati njere ya mpunga. Bwana akukayang'ana pagalasi lokulitsa zinthu. Akuti kamayamwa mbewu, ndipo kwawo kulibe buku lonena za iko. Amene apeze kachiwiri apita naye ku Mulanje, ndipo alandira jekete ya mabatani owala. Mtima ukundiwawa, sindibisa. Jeketeyo ndi yanga.

Lachiwiri
A Yohane akukana kunena kumene anakatola. Munthu woti dzana lomweli anadya kunyumba kwanga! Palibe kanthu. Chinthu chosowa chimakhala kutali, mawa ndikwera phiri la Mpingwe.
Mayi akunyumba akudandaula kuti mtedza wambewu ukufota m'nkhokwe. Ndawauza afukize utsi, athire phulusa, asandisokoneze.

Lachitatu
Mpingwe. Zomwe ndapeza:
nunkhadala asanu
chiwala choduka mwendo
chitedze, thupi lonse.

Lachinayi
Bwana anunkhiza botolo langa la nunkhadala. "Kataye." Kukhitchini a Yohane akuimba nyimbo zakutchalitchi, uku akudziyeza mapewa ndi chingwe. Ngakhale dzina lawo satha kulemba. Ine ndikungokanda.

Lachisanu
Phiri la Ndirande. Njuchi. Diso limodzi latsekeka, linalo silikuona kachilombo. Nunkhadala aja mayi akazinga. Akoma, ndivomere.

Loweruka
Masana ndikuwalondola a Yohane, ndikubisala m'mitengo ya khofi. Njira akutengayi ndikuidziwa. Ndi yakwathu. Afika pankhokwe yanga, agwada, akusuzumira pansi pake.
"Alamu, tizilombo tija ndinaona apa tili kuti?"
Mayi akuyankha monyadira: "Bambo anati tifukize. Tafa tonse, totsala zatola nkhuku."
Ndakhala pansi m'khofi momwemo.

Lasabata
Popeza kachiwiri kulibe, Bwana akuti apite ndi wopeza koyamba. A Yohane alowa m'tchalitchi atavala jekete, mipando yonseyi asankha kukhala pambali panga. Ulaliki sindikuumva. Mabatani alipo asanu ndi limodzi, lililonse ndikudzionamo ndi diso langa lotupa.
Zaka zonsezi ndakhala ndikutisesa tizilomboti n'kupatsa nkhuku, osatiyang'ana n'komwe.
Mtedza wapulumuka. Mayi akuuza anzawo kuti anakwatiwa ndi mwamuna wanzeru.