Mfuti ya Pamwamba pa Kabati

Kwa Olemekezeka Anduna Oona za Chitetezo cha M'makomo,

Bwana,

Ndikulemba nditagwada, ngakhale kuti m'shopu mwathu malo ogwada ndi ochepa pakati pa makina a fotokope ndi bini ya mapepala. Ndine mayi wamba, wotayipira anthu makalata ofunsira ntchito. Ku yunivesite ndinakhalako zaka ziwiri ndi theka ndikuphunzira za ziwerengero, kenako ndinabwerako ndi mimba m'malo mwa digiri. Choncho musavutike kundiyankha ngati munthu wophunzira. Anzanga amene ankaonera mayankho anga m'kalasi ndi omwe akukulemberani malipoti lero, ndipo zikuoneka kuti chichokere ine sanapezebe woonerako wina.

Ndalemba kuti ndithokoze, ndipo zothokoza zachuluka.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kapepala kanu kaja kakuti “Mfuti M'nyumba, Mwana Pamtendere.” Ndinakachita fotokope ndi manja angawa, mapepala zikwi ziwiri, moti ndimakadziwa kuposa inu amene munangosainira. Kamanena kuti makolo asanu ndi anayi mwa khumi alionse okhala ndi mfuti “amamva” kuti ana awo ndi otetezeka. Ziwerengero zokongola zedi, Bwana. Achimwene anga nawonso amamva kuti amatha kuimba.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha achimwenewo. Ndi dalaivala wa lole, ndipo ine ndi mwana wanga wamkazi timakhala m'kachipinda kakumbuyo m'nyumba mwawo. Mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, timamutcha Kanyerere chifukwa palibe malo amene mungabise shuga iye osamupeza. Tsiku lina ndinamutengera kapepala kanu kamodzi kopindika kuti azijambulapo kuseri kwake. Achimwene anakatola pampando, anakawerenga kawiri, nkuyang'ana kudenga ngati munthu amene waitanidwa ku ubusa. Chiphaso cha mfuti chinatuluka patangotha milungu itatu. Chiphaso cha kubadwa cha Kanyerere ndinachidikira zaka ziwiri. Boma likafuna kuthamanga limathamanga ndithu.

Kuchokera tsiku limenelo achimwene amayankhula ndi mawu a m'chifuwa. “Mlongo, nyumba ino tsopano wakuba aziiona patali,” amatero. Chimangire nyumbayo, akuba anabwerako kamodzi, anatenga ndowa ndi nsapato imodzi.

Chachitatu, ndikuyamika langizo lanu lachinayi la m'kapepalako, lakuti mfuti iikidwe “pamalo okwera pomwe ana sangafike.” Sindikudziwa kwanuko, Bwana, koma m'nyumba zathuzi malo otero ndi amodzi okha: pamwamba pa kabati ya zovala. Ndi pomwe alamu anga amabisa shuga, mkaka waufa ndi mabisiketi a alendo. Ndiye kuti kwa zaka zonsezi takhala tikuphunzitsa Kanyerere, mwakhama ndithu, kuti chilichonse chokoma padziko lapansi chimakhala pamwamba pa kabati. Amakoka dirowa yapansi nkupondapo, amakoka yachiwiri, amagwira chogwirira cha chitseko, basi wafika. Achimwene anaika mfuti pomwepo, pakati pa chitini cha mkaka ndi mabisiketi. Wogulitsa anawauza kuti zipolopolo azisunga padera, koma iwo anati, “Ndiye wakuba akalowa ndizimuuza kuti dikira kaye ndiikemo?” Mwina yankho la funso limenelo amaphunzitsa chaka chachitatu chikamatha, ine nditachoka kale.

Chachinayi, mundithokozereko kwa anzanu oona za magetsi. Lachitatu lapitalo magetsi anazima masana, makina anaima, abwana anatiuza kuti tizipita. Ndinafika kunyumba nthawi imene sindifika. Alamu anali kuseri akuchapa. Chitseko cha chipinda chawo chinali chotsekula, madirowa awiri ali kunja ngati masitepe.

Kanyerere anali atakhala pansi, masaya ali mbuu ndi mkaka. Pamiyendo pake anali atafukata mfuti yanu, ataikulunga bwinobwino m'thaulo, akuigwedeza ndi kuiimbira. Anali akuimwetsa mkaka ndi kasupuni, ndipo pakuti mwana amadyera kukamwa, kukamwa kwa mfutiyo kunali kutayang'ana nkhope yake. Dzanja linalo linali mkati mwa thaulo, sindinkaona pomwe zala zinali.

“Amama musasokose,” anatero, “mwana wanga akukana kudya, ndikufuna ndione ngati ali ndi zilonda kukhosi.” Nkuika diso pabowo.

Bwana, kuchokera pakhomo kufika pomwe anakhala ndi mapazi asanu. Ndinawayenda ndikumwetulira. Ndinati, “Amake mwana, tandipatsani ndimunyamuleko mdzukulu wangayu.” Anandipatsa ndi manja awiri, nkundichenjeza kuti ndigwire mutu. Kenako ndinapita kuchimbudzi kukasanza.

Chachisanu, ndikuthokoza kuti nkhaniyi aliyense anaisamalira mwachangu. Achimwene anakalipa kwambiri, chifukwa mkaka umachititsa dzimbiri. Anati mwana wanga ndi wosamva, nyumba ndi yawo, chiphaso ndi chawo, ndipo munthu wolephera sukulu asawaphunzitse za chitetezo. Mfuti anaibwezera pamwamba pa kabati, koma anaikankhira kumbuyo pang'ono. Alamu, pokhala munthu wosamala, anachotsapo mabisiketi nkuwatsekera m'sutikesi ya loko. Lero m'nyumba mwathu mabisiketi ndi otetezeka kwambiri.

Ndinapitanso kupolisi. Wapolisi wa pa desiki anandimvetsera akutokosa m'mano, kenako anafunsa, “Yaphulika?” Ndinati ayi. “Chiphaso chilipo?” Ndinati chilipo. “Nanga mwabwera kudzadandaula chiyani, mayi? Ikadzaphulika mudzabwere.” Ndinamuthokoza chifukwa chondipatsa tsiku.

Choncho Loweruka ndinakweza Kanyerere basi, ulendo wa maola asanu ndi limodzi, kukamusiya kwa amayi anga. Sukulu yake yaima. Nsapato zake zakale zili pansi pa bedi, ndimapunthwa nazo m'mawa uliwonse ndipo sindikuzichotsa. Koma ndivomereze, Bwana, munanena zoona: chibwerere mfuti m'nyumba mwathu, mwana wanga ali pamtendere, kutali kwambiri. Mumuwerengere m'lipoti lanu lotsatira. Ndikamuimbira foni amandifunsa ngati mwana wake uja wayamba kudya.

Tsopano kapempho kanga kakang'ono. Tsiku limene munakhazikitsa ntchito ya mfuti m'makomoyi ndinakuonani m'nyuzipepala mutanyamula mdzukulu wanu, kamtsikana ka maso ochenjera, msinkhu wa Kanyerere. Ndinamva chisoni. Mfuti za kwanu zimathera pageti, m'manja mwa alonda, ndiye kuti mwanayo akukula wopanda chitetezo cha m'chipinda chimene ife osauka mwatipatsa. Si chilungamo.

Mutibwereke mwanayo sabata imodzi yokha. Bedi lilipo, lopanda munthu. Ndidzamusambitsa, ndidzamupesa, ndidzagula mabisiketi atsopano nkuwaika pamalo okwera monga mwa langizo lachinayi. Madirowa athu ndi olimba, sadzagwa. Sabata ikadzatha bwino, ine ndidzakatenga wanga, ndipo timapepala tanu ndidzatichita fotokope ulere mpaka makina adzapse.

Koma ngati powerenga ndime imeneyi mwamva kanthu kakukoka m'mimba, chonde musakameze. Kalembeni papepala m'mawu anu omwe, musaine, munditumizire. Mapepala zikwi ziwiri ndimamaliza lisanakwane ola limodzi, ndipo loyamba ndikapereka kwa achimwene, pakuti ine sandimvera koma inu amakuwerengani kawiri.

Ine wanu wotetezedwa mpaka kusowa tulo,

Mayi wa pa fotokope,
amake Kanyerere