Malaya a Mawangamawanga a Bashi Chola

Ku Mtendere konse mpaka ku Kalikiliki, aliyense ankadziwa kuti a Kasoma, okonza nsimbi aja, amene ankatchedwanso Bashi Chola, kutanthauza bambo ake a Chola, sankabweza nsimbi kwa mwiniwake asanaiyese pa malaya awo oyera. Malayawo anali omwewo a kutchalitchi, ndipo zipsera zinachita kuwasandutsa kambuku. Akazi awo, a Hilda, ankangofa ndi manyazi.

"Bashi Chola, nsanza zili mbwee mu nyumba. Yeselani pamene apo!"

"Nsanza siniimvela chifundo, bana Chola. Pa shati yanga ndiye nimaikako nzelu."

Nsimbi ankaipima ngati wodwala: kuyang'ana fyuzi m'pulagi, kupindapinda chingwe, kununkhiza, kenako kulavulira pansi pake n'kutchera khutu. Tsiku lina anaphwasula nsimbi ya Jameson wometa tsitsi m'mawa wonse, akuitukwana kuti ndi yaulesi, mpaka a Hilda anasuzumira pakhomo.

"Malaiti anayenda kuseni, imwe," anatero, pakuti magetsi anali atazima kuyambira m'mawa.

"Nenze niziba," anatero mkuluyo, osaphethira n'komwe. "Nenze kuipumulitsa chabe."

Ndiye kunabwera Emelda, yunifomu ili m'manja, mawa lake akuyamba ntchito ya unamwino. Nsimbi yake inkatentha mopitirira. A Kasoma anakonza kachitsulo kochepetsa moto, mtsikanayo n'kufuna kuitsomphola.

"Ba Kasoma, nachedwa!"

"Yembekeza, iwe."

Anayala malaya aja, n'kugunditsa nsimbi. Tsuu! Utsi tolo, chipsera chonse pamsana.

"Waona? Sembe ni yunifomu yako iyi."

Anaikonzanso. Lamlungu anakakhala benchi yakutsogolo, msana wopsererawo ukuloza mpingo wonse. A Hilda anapemphera atabisa nkhope m'chitenje.

A Kasoma atatisiya chaka chatha, a Hilda anagula malaya atsopano, kuti bambowo apite akuoneka ngati munthu kamodzi kokha. Akale aja anawataya pachingwe kuseri kwa nyumba. Potuluka anapeza azimayi a pamaliro atawazungulira.

"Ichi cha pa phewa ni changa. Sembe inali dilesi ya chikwati," anatero mmodzi, akuloza chipsera.

"Cha pa thumba ni suti ya ba Josiah, amuna banga," anatero wina.

Emelda anangoika dzanja pa chipsera chapamsana n'kuyamba kulira.

A Hilda anayanula malayawo pachingwe. Kenako anabweza malaya atsopano m'pepala lake, n'kusita akale aja bwinobwino. A Kasoma anapita ndi mawanga awo onse.

Masiku ano nsimbi ikavuta, anthu amangoyesera pa zovala zawo, moti zipsera zachuluka m'minibasi za ku Mtendere. A Hilda akamva fungo la nsalu yopserera kuchokera kwa aneba, amadzuka msangamsanga, mawu okalipa ali kale pakamwa. Amafika mpaka pakhomo, n'kupeza pabenchi pomwe a Kasoma ankakonzera nsimbi palibe womukalipira.