Jombo Zopangidwa ku Lulimile

Lolemba
Wailesi yanena m'mawa uno kuti asilikali athu asiye kudalira zogula kunja. Zovala, nsapato, zida, zonse zizipangidwa konkuno. Lachisanu amisiri akaonetse ntchito zawo kwa mashefi ku kwartelo, kumalo a asilikali. Mfuti sindingapange, koma nsapato ndazisoka kuyambira ndili mnyamata. Komanso mwana wanga Tomasi, amene ali kunkhondo ku Cabo Delgado, amadandaula kuti jombo zakunja zimamutulutsa matuza. Ndipanga jombo. Zathuzathu, zopanda kanthu kakunja ngakhale kamodzi.
Amake Tomasi akuti: "Bambo, nanga nsapato za anthu zili mudenguzo?"
Zidikire. Dziko kaye.

Lachiwiri
Ndili pamsika, ndikuwerenga zolembedwa pa katundu. Kukuzizira koma thukuta lili kamukamu.
Ulusi: wa ku Tanzania.
Kola yomatira: ya ku China.
Timphete tolowetsamo zingwe: wogulitsa sakudziwa, koma akuti si takuno.
Singano yanga yomwe ndi yakunja!
Tayala lakale lodulira kunsi kwa jombo nalonso ndi lakunja, koma lathera m'misewu yathu, ndiye ndikuliyesa lathu.
Basi, ndisokera khonje. Kola ndiphika ndekha, ufa wa chinangwa ndi utomoni. Chikopa cha ng'ombe ndatenga kwa opha nyama. Akuti chauma. Sichinaume.

Lachitatu
Fungo!
Agalu a dera lathu lonse, bairo ya Lulimile, ali pakhomo panga, akhala phee ngati adikira msonkhano. Amake Tomasi anyamula mphasa, akusankhira nyemba kwa aneba. Ndikusoka, khonje likuduka, ndikusokanso. Chikopa chikufota pouma, moti jombo yakumanzere yatuluka yaing'ono kuposa inzake.
Nanga mashefi akanunkhiza n'kunena kuti ndikunyoza boma?

Lachinayi
Tsiku loyesa. Alamu a Saide, achimwene a mkazi wanga, anakhalapo msilikali, ndiye avomera kuguba nazo mpaka ku Sanjala n'kubwerako. Ine pambuyo panjinga.
Kwii! Kwii! Phazi lililonse likulira. Amayi ogulitsa mbatatesi akutembenuka.
A Saide akuti: "Alamu, wallahi, ndi izi mdani atimva tikadali kutali ku Meponda."
Kenako mvula. Kola yanga yasanduka phala. Alamu akubwerera m'matope ofiira, tayala la kunsi kwa jombo imodzi lili m'manja, zala za kuphazi zili panja, galu ali pambuyo.
Ndakhoma ndi misomali. Pa paketi yake sindinawerenge dala.

Lachisanu
Ku kwartelo. Anzanga abwera m'majekete, ndi makompyuta, akukamba za mafakitale m'Chipwitikizi chosalala. Ine ndi thumba.
Pageti pali kamsilikali ka msinkhu wa Tomasi, kagwira galu wonunkhiza mabomba. Galuyo kungofika pathumba langa, misala! Kuuwa, kudumpha, kukanda.
"Ikani pansi! Bwererani! Manja m'mwamba!"
Ndikuganiza: ndifera jombo, ndipo Tomasi adzamva kuti bambo ake anabwera ndi bomba. Atsegula thumba ndi ndodo yaitali. Anthu onse agwira mphuno.
Shefi wina wachifundo wanyamula yakumanja ndi zala ziwiri, waiyang'ana bwinobwino. Akuti kasokedwe ndi kabwino. Akufunsa ngati ndingavalike gulu lonse la asilikali mvula isanathe. Ndikuti peyala imodzi pasabata, agalu akandilola. Sanaseke. Wandithokoza chifukwa chokonda dziko, wandilozera geti.
Yakumanzere yatsala ndi galu wa boma. Palibe amene walimba mtima kumulanda.

Loweruka
Tomasi waimba. Ndamufotokozera zonse. Waseka mpaka kutsokomola. Chipitireni sindinamumvepo akuseka chonchi.
Akuti: "Papa, ingonditumizirani masokosi."
Masokosi onse pamsika ndi a kaunjika. Akunja! Ndagula omwewo.
Tikulankhula pafoni paja ndamva chinthu chikugunda kumbuyo kwake. Akuti ndi chitseko. Foni yaduka. Amake sindinawauze za chitsekocho.

Lamulungu
Kutchalitchi benchi yonse ndili ndekha. Fungo silinachoke m'manja.
Masana kwabwera kamsilikali ka pageti kaja, kavala zawamba, kanyamula thumba. M'menemo jombo zake ndi za anzake, zakunja zonse, zayasama kukamwa ngati milamba.
Kakuti: "Mdala, mutisokere. Koma chonde, chikopa chija ayi."
Ndavomera. Ndikanatani? Fakitale amange ena. Zakunjazo zizibwera, zizing'ambika, ine ndizisoka.
Ndayambira za kamnyamatako. Chidendene chatheratu, ndipo kakuti sabata yamawa nakonso kakupita kunkhondo ku Cabo Delgado. Ndikusoka kawiri, mzere uliwonse.